Komanda, Galu Amene Ndinamulemba Ntchito ya Ulonda

Mlandu uwu ndiuvomere ndisanafunsidwe: amene anabweretsa galu uja pakhomo pathu ndi ine. Amayi a kunyumba anakana. Alamu anga anakana. Ngakhale mayi wogulitsa tomato pakona ya msewu wathu, amene nkhaniyi sinkawakhudza n'komwe, anapukusa mutu atandiona ndikutsika m'galimoto nditanyamula katoni yoboolaboola. Koma masiku amenewo ine ndinali munthu wa masamu, ndipo munthu amene masamu ake amuyendera bwino papepala salangizika.

Masamuwo anayamba mu July 2023. Amene anagonako ku Mzuzu mwezi wa June kapena July akukudziwa kuzizira kwake, kuja kobwera ndi kamvula kowaza, nkhungu itatsika kuchokera ku Kaning'ina mpaka kuphimba madenga. Ine kwathu ndi ku Salima, ndinabwera kuno ndi ntchito, ndipo thupi langa mpaka lero silinasainire mgwirizano ndi nyengo imeneyi. Usiku wina magetsi atazima, akuba analumpha mpanda wa nyumba yomwe timachita lendi ku Area 1B, ku Luwinga. Anachotsa batire ya galimoto, anatenga njinga ya mwana, nkhuku zinayi ndi zovala zonse zomwe zinagona pachingwe. Mlonda wathu, bambo wachikulire wa cha ku Ekwendeni amene tonse tinkangowatchula kuti adada, ndinawapeza m'mamawa atakumbatira mbaula, ali m'tulo tofa nato.

"Phokoso ndinalimva, bwana," anatero atadzuka, "koma ndimayesa ndinu."

Ine, kumasula batire ya galimoto yanga yomwe 2 koloko usiku.

Ndinawakhululukira, koma kukhululuka kwa pakamwa. Mu November chaka chomwecho boma litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, shuga ndi mafuta ophikira zitakwera ngati zamera mapiko, adada anabwera chipewa chili m'manja kudzapempha kuti malipiro awo akwereko. Usiku umenewo ndinatenga cholembera. Mbali ina ndinalemba mlonda: malipiro a miyezi 12, makala a mbaula, tiyi, tochi, ngongole ya pakati pa mwezi, maliro a kumudzi. Mbali inayo ndinalemba galu: makombo. Galu sapempha adivansi. Galu sapita kumaliro a azakhali ake. Galu sayesa kuti wakuba ndi bwana. Mwezi utatha ndinawapatsa adada malipiro awo ndi kenakake kapamwamba, n'kuwauza kuti zinthu zavuta. Anathokoza mwaulemu, "Yewo, bwana," nakwera njinga yawo.

Galuyo ndinamupeza pa WhatsApp. Mnyamata wina wa ku Chibavi, amene ankati wangobwera kumene kuchokera ku Joni, ankaika zithunzi za tiagalu tofiirira, tamitu ikuluikulu ndi nkhope zamakwinya ngati tikudandaula za mitengo ya zinthu. Anati bambo wake wa tiagaluto ndi boerboel weniweni, nandionetsa pafoni chithunzi cha chilombo chachikulu ngati thole. Bambo wa galuyo sindinamuone ndi maso, mayi wake sindinamuonenso. Za katemera ndinafunsa, zimenezo Mulungu ndi mboni.

"Anabaya kale, bigi."

"Nanga khadi?"

"Ndikutumizirani."

Ndinapereka K150,000. Zoti boerboel ndi galu amene alimi achiburu a ku South Africa ankaweta kuti azilondera mafamu aakulu, ndipo kuti wamphongo akakula amatha kupitirira makilogalamu 60, ndinadzaziwerenga patatha miyezi, ndalama itapita kalekale. Safunsa anadya phula. Ana ankafuna kumutcha Bingo. Ine ndinati galu wa ntchito satchedwa dzina la masewera, ndipo ndinamutcha Komanda.

Masabata oyamba anali okoma, ndipo ndi amene amandipweteka kwambiri ndikamakumbukira. Tili ndi ana atatu: mtsikana woyamba amene panthawiyo anali ndi zaka 11, mnyamata wa zaka 7, ndi mzime wathu, kamtsikana ka zaka zitatu. Komanda ankagona pamiyendo pawo. Mzime ankamukoka makutu, kumuveka chipewa cha chidole, kumuuza nkhani zazitali m'chinenero chake chosakaniza Chichewa cha pakhomo ndi Chitumbuka cha kunazale. Galu ankangogwedeza kamchira. Amayi a kunyumba, amene analumbira kuti sadzamukhudza, ndinawapezerera tsiku lina akumuthirira mkaka m'mbale.

Kenaka ndinapita kukacheza ndi anzanga ku Katoto, ndipo ndinalakwitsa powaonetsa kanema wa ana akusewera ndi galu.

"Achimwene, mukumuwononga galu ameneyu," anatero mmodzi. "Galu wolondera sasewera ndi ana. Adzakhala chitsiru, wakuba akabwera azidzamunyambita. Mutsekereni m'khola masana onse, asamaone munthu. Muzimutsekulira usiku basi."

Onse patebulopo anavomereza, ndipo aliyense anali ndi mankhwala ake. Wina anati ndizimusinjirira mavu m'chakudya. Wina anati tsabola wa kambuzi. Wina anatsitsa mawu n'kutchula chamba. Izi ndinazikana, pajatu ndine munthu wopemphera. Koma za khola zinandilowa m'mutu, chifukwa zinkamveka ngati sayansi. Ndinaitana mmisiri, anamanga kanyumba ka njerwa kuseri, ka malata, kopanda zenera, kachitseko kachitsulo. Ndinasonkhanitsa ana n'kulengeza lamulo: kuyambira lero Komanda ali pa ntchito, palibe womuyandikira. Mnyamata wanga analira. Ine ndinamuuza kuti akadzakula adzamvetsa.

Galu analira m'kholamo masabata awiri, kulira kwenikweni, kukanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Kenaka anasiya. Ine ndinati waphunzira.

Masamu anga anayamba kugwa kuchokera kumbali ya mimba. Makombo a banja la anthu asanu Komanda ankawameza ngati panado. Ndinayamba kugula madeya kuchigayo, bonya wa m'chigoba kumsika waukulu, mafupa ndi mapapo kubutchala. Mtsikana wantchito ankaphika miphika iwiri, wa banja ndi wa Komanda, ndipo wa Komanda ndiwo unali waukulu. Pofika mwezi wa June 2024 galu ankadya ndalama yoposa imene adada ankapempha ija. Amayi a kunyumba ali ndi kabuku komwe amalembamo chilichonse chogulidwa pakhomo, ngakhale machesi. Sananene kanthu. Ankangosiya kabukuko patebulo katatsekulidwa pa tsamba loyenera.

Koma ntchito ankaigwira, izi ndisamunamizire. Kubangula kwake kunkamveka mpaka cha kumsewu wa ku yunivesite. Palibe wakuba amene anayerekeza. Vuto linali loti pa mndandanda wa Komanda, wakuba anali aliyense woyenda ndi miyendo iwiri. Wowerenga mita ya madzi, tsiku lina mtsikana wantchito ataiwala kukhoma khola, anakhala mumtengo wa mapeyala pafupifupi ola lathunthu, ndipo kuyambira pamenepo bilu yathu inkabwera yongoyerekeza. Amayi a Umanyano atabwera kudzazonda amayi a kunyumba pomwe ankadwala malungo, Komanda anagunda chitseko cha khola ndi chifuwa, loko n'kuthyoka. Sindinadziwe kuti amayi achikulire ovala yunifolomu yoyera angathe kulowa onse asanu ndi atatu pakhomo limodzi nthawi imodzi. Nyimbo anaimbira m'khitchini, mawindo ali otseka, ndipo pemphero la tsikulo linakhudzanso mitu ya mabanja imene Mulungu ayenera kuipatsa nzeru.

Ine ndemwe ndinagonapo m'galimoto. Ndinabwera mochedwa kuchokera ku ukwati, nditavala chijasi chomwe galu sanachionepo, ndipo anaima pambali pa chitseko cha Passo yanga, mutu wake ukufika pagalasi. Foni inali itatha moto. Ndinaimba hutala mpaka aneba anayatsa magetsi, koma amayi a kunyumba, amene amamva ngakhale mwana akatembenuka pabedi chipinda chachitatu, usiku umenewo akuti sanamve kanthu.

Zonsezi ndinkazifotokoza kuntchito ngati nthabwala, monyadira. Chimene sindinkafotokoza n'choti ana a aneba anasiya kubwera kwathu. Ana anga ankalowa m'nyumba 5 koloko ikangokwana. Mpira wa mnyamata ukagwera kuseri, unkakhala komweko. Mpanda umene ndinkafuna kuti utchinge akuba unali utatsekera ife, ndipo woyang'anira ndendeyo tinkamuphikira tokha.

Linali Loweruka, mu September. Amayi a kunyumba anapita kumsika, nandisiyira mawu anayi okha: "Abambo, anawa muwayang'anire bwino." Ndinaganiza zotsuka khola. Ndinamutulutsa Komanda, kumumanga ndi tcheni pamtengo wa mapeyala uja, n'kumuponyera fupa lalikulu kuti atanganidwe. Ndinatsuka pang'ono, kenaka ndinakumbukira kuti pawailesi pali mpira. Ndinati ndingomva zigoli.

Mzime anali ndi chitumbuwa m'manja. Iye lamulo langa sankalidziwa ngati lamulo. Ankangodziwa kuti anali ndi mnzake amene anasowa, ndipo lero mnzakeyo ali pansi pa mtengo. Ananyema chitumbuwa pakati n'kupita kukamugawira.

Woyamba uja ndi amene anaona zonse ali pawindo. Akuti galu anasiya kutafuna, anauma thupi lonse, anayang'ana cham'mbali osatembenuza mutu. Munthu wodziwa agalu akanadziwa kuti pamenepo galu akunena kuti usayandikire fupa langa. Mwana wa zaka zitatu anangotambasula dzanja. Ine ndinamva kubangula kumodzi, kwakufupi, kenaka kukuwa kumene sindifuna kudzakumvanso. Pomwe ndinkafika, galu anali atamusiya kale yekha, atabwerera pafupa lake. Anamuluma kamodzi pamkono, ndipo dzino limodzi linamukala patsaya. Nsagwada zomwe zinkaphwanya fupa la ng'ombe ngati bisiketi. Akanafuna kugwedeza mutu, bwenzi ndikulemba nkhani ina, kapena osalemba n'komwe.

Apa ndiye pamene mutu wa banja unasowa mutu. Ndinamunyamula mwana n'kumazungulira naye pabwalo. Mnansi wina anakuwa ali kuseri kwa mpanda kuti ndimete ubweya wa galuyo, ndiutenthe, ndipake phulusa pabala. Ndikuvomera kuti ndinayamba kufunafuna sizasi. Anali mwana wa zaka 11 amene anandilanda mng'ono wake, kupita naye pampopi, n'kuyamba kutsuka balalo ndi sopo wochapira.

"Adadi, kusukulu anati mphindi 15, madzi akuyenderera. Inu kalizeni galimoto."

Kuchipatala anatsukanso bala, anamanga, natiuza kuti tikatenge kalata kwa alangizi a ziweto yonena za galuyo. Mlangizi amene tinamupeza anali mayi wodekha, wa mawu otsika, mtundu wa anthu amene sakalipa koma umatuluka muofesi mwawo utachepa.

"Khadi la katemera wa chiwewe lili kuti, bambo?"

"Anati anditumizira."

"Liti?"

"December."

Anavula magalasi. Anandiuza kuti chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, palibe mankhwala, mapeto ake ndi imfa. Anati padziko lonse chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ochuluka a iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo mwa anthu khumi alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15, chifukwa mwana ndi wamfupi, galu amamupeza kumaso ndi kukhosi. Mwana ayambe jakisoni lero lomwe, anatero, ndipo galu atsekeredwe masiku khumi, timuone ngati asinthe. Kenaka anafunsa mmene ndinkamusungira. Ndinafotokoza za khola lija, ndipo ndikukumbukira kuti ndinayamba ndi kamawu konyadira, kamene kanazima ndisanafike pakati.

"Galu amaphunzira kuti munthu ndani m'miyezi itatu kapena inayi yoyamba," anatero. "Wanuyu anali atayamba bwino. Inu munamutenga n'kumuika mumdima miyezi isanu ndi iwiri. Mumafuna galu woopa anthu, ndiye mwamupeza. Nanga mumayesa adziwa bwanji kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi mwana wa abwana?"

Nambala ya mnyamata wa ku Chibavi uja inali yosapezeka. Masiku khumi aja ndinkadzuka usiku kukasuzumira pakhola ndi tochi, kuona ngati galu akuchucha dovu. Sanachuche. Ankadya bwino, mwinanso kuposa ine. Mzime anamaliza jakisoni wake, ndipo nthawi iliyonse singano ikamalowa ankandiyang'ana ine, osati namwino. Amayi a kunyumba sanandilalatire. Ndikanakonda akanalalata. Tsiku la khumi litakwana anakhala pamphepete pa bedi n'kunena motsitsa:

"Abambo, pakhomo pano pakhala mmodzi, galu kapena ana. Ine nditsata ana."

Kugula galu n'kosavuta. Yesani kumupereka. Ndinaika chithunzi pa WhatsApp, ndipo ofuna anali ambiri mpaka atamva chifukwa chake. Wina anandiuza kuti ndisavutike, tameki wa ndalama zochepa m'kanyama amaliza nkhani usiku umodzi. Ndinaganizira, sindikana, koma ndinakumbukira kagalu kovala chipewa cha chidole kaja ndipo ndinalephera. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA losamalira nyama, koma ndi ulendo wa makilomita oposa 300, kudutsa Chikangawa yense, ndili ndi chilombo kumpando wakumbuyo. Bambo wina anabwera ndithu ndi ndalama m'manja. Ndinali nditakonzekera kunena kuti galuyu ndi wofatsa, tikungosamuka. Pakamwa panali patatseguka kale pomwe ndinaona timitu tiwiri tikusuzumira pawindo la galimoto yake. Ndinamuonetsa mkono wa mwana wanga. Anabweza ndalama m'thumba, nandithokoza ngati ndamuchitira zachifundo, chonsecho ndinatsala pang'ono kumugulitsa tsoka.

Chimene ndinachita pambuyo pake amayi a kunyumba anachimva kwa anthu ena, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Ndinaganiza zokamutaya.

Lamulungu lina masana ndinagula nyama ya mafupa, ndinamunyengerera Komanda mpaka analowa kumbuyo kwa Passo, galimoto n'kukhala pansi ngati yanyamula matumba a simenti. Ndinalowera msewu wa M1 wopita ku Ekwendeni. Galu amene anakhala mumdima miyezi yonse ija anatulutsa mutu pawindo, makutu akuuluka, akununkhiza dziko lonse nthawi imodzi. Titadutsa Dunduzu ndinapatukira m'kamsewu kafumbi. Pulani inali yosavuta: kutsika, kutsekula chitseko chakumbuyo, kuponya fupa kutali, galu akalithamangira ine n'kuliza galimoto.

Ndinatsika. Ndinatsekula. Ndinaponya. Komanda anayang'ana fupa likugwera m'tchire, anandiyang'ana ine, kenaka analumphira kutsogolo komwe ndinasiya jumbo ya nyama yotsala, nagona pampando wa dalaivala, jumbo ili pakati pa miyendo. Makiyi ali poliza. Foni ili pa dashibodi. Nditangotambasula dzanja, anauma thupi n'kundiyang'ana cham'mbali, ndipo ulendo uno chinenerocho ndinachimva bwinobwino.

Ndinaima padzuwa la October maola awiri. Anthu anayamba kusonkhana, poyamba ana, kenaka amayi ochokera kutchalitchi, kenaka anyamata a njinga za Sacramento amene anaimika bizinesi kuti aonere. Chitumbuka changa n'choperewera, koma ndinamva wina akufotokozera mnzake kuti galu walanda galimoto ya bwana. Wina anafunsa ngati galuyo ali ndi laisensi. Kuseka kunali mbwee. Ine thukuta kamukamu, ndikumwetulira ngati zonse zili m'dongosolo.

"Monire, bwana."

Ndinatembenuka. Njinga yomwe ija, chipewa chomwe chija. Adada ankachokera ku mapemphero, Baibulo litamangidwa ndi mphira pakaliyala. Dziko likanang'ambika ndikanalowa osafunsa kuya kwake.

Anamvetsera nkhani yonse osandidula. Kenaka anauza anthu kuti asunthire kutali ndipo akhale chete. Anapita pafupi ndi chitseko, osati moyang'anizana ndi galu koma cham'mbali, nanjuta pansi, maso ali kwina. Anatulutsa mbatata yootcha m'thumba la jekete n'kuyamba kudya okha, pang'onopang'ono, akuyankhula motsitsa m'Chitumbuka ngati akucheza ndi mnzawo wakale. Mphindi zinadutsa zambiri. Kubangula kunatsika, kunasanduka kung'ung'udza, kenaka zii. Adada anaika kachidutswa ka mbatata pansi. "Zanga kuno." Komanda anatsika m'galimoto, anadya, nanunkhiza bondo lawo. Anamumanga ndi mphira wa pakaliyala uja.

"Ntcheŵe iyi yilije mlandu," anatero, akumusisita kuseri kwa khutu. Kenaka anabwerera m'Chichewa kuti ndimve bwino. "Koma bwana, mumafuna kumusiya pano? Kuseri kwa mitengo iyo kuli sukulu ya pulayimale. Mawa Lolemba."

Pa mawu onse amene ndinauzidwa chaka chimenecho, a mlangizi, a amayi a kunyumba, a amayi a Umanyano kudzera m'pemphero, amenewa ndi amene anandikhazika pansi. Ndinakhaladi pansi, pafumbi, anthu akuona.

Adada amakhala pamunda wawo ndi akazi awo awiriwiri, ana anakula n'kubalalika, ndipo akuba ankawavutitsa pa nkhuku ndi chimanga. Anati galu amutenga, koma anaika mfundo zawo, ndipo ine sindinali pamalo okambirana mtengo. Ndigule waya wa mpanda woti galu aziyendamo masana akuona dzuwa ndi anthu odutsa. Ndilipire katemera chaka chilichonse, khadi azisunga iwo. Ndilipire dokotala wa ziweto amuthene. Ndipo mwezi uliwonse nditumize ya madeya ndi bonya, chifukwa, mwa mawu awo, mwana wanu uyu munamuzoloweza kudya ngati nduna.

Kunyumba mnyamata wanga analira usiku wonse, ngakhale kuti kwa miyezi isanu ndi iwiri galuyo ankangomumvera kuseri kwa chitseko. Woyamba sananene kanthu, anangopita kuseri kukatola mipira itatu yomwe inagonera kumeneko. Mzime, bandeji ili pamkono, anafunsa funso limodzi: ngati Komanda anadya chitumbuwa chija. Ndinati anadya. Kachipsera ka patsaya kakuzimirira, koma ndikamamusambitsa kumaso chala changa chimakapeza.

Tinapitako kamodzi, ana ali m'galimoto magalasi otseka. Komanda anali atagona pakhonde, wanenepa, nkhuku ikujompha pafupi ndi mphuno yake, amayi a pakhomopo akusenda chinangwa chapomwepo. Atandiona anadzutsa mutu, nauikanso pansi. Adada anati ana akabwera kudzacheza amamutsekera kumpanda, ndipo akamadya palibe womuyandikira, ngakhale iwo.

Khola lija pano timasungiramo makala. Mlonda tinalembanso, mphwake wa adada yemwe, pa malipiro oposa amene amalume ake ankapempha, ndipo mbaula ndinamugulira yatsopano. Pa 28 mwezi uliwonse foni yanga imalandira uthenga wa "chonde ndiimbireni", ndipo ndimadziwa kuti madeya atha. Tsiku lina ndinasuzumira m'kabuku ka amayi a kunyumba kuti ndione kuti ndalama imeneyi amailemba pati. Ili pa tsamba la sukulu, pansi pa fizi ya ana atatu, mzere wachinayi: "Fizi ya abambo."